Kusala kwa Alamu Anga pa Msewu wa Paphiri

Kwathu ku Dedza kusala kudya mwezi wa Januwale sikuvuta. Mvula imakhala ikugwa, phiri lafunda mitambo, ndipo m'nkhokwe mumakhala mutatsala zitsononkho ndi makoswe okhumudwa. Aliyense amasala, wopemphera ndi wosapemphera yemwe. Abusa akalengeza masiku makumi awiri ndi limodzi a kusala, amangopereka dzina labwino ku chinthu chimene chinafika kale pakhomo. Ludzu silimveka chifukwa kumazizira. Ndipo dzuwa la kwathu ndi laulemu, ikakwana sikisi limatsanzika n'kumapita.

Mwambo umenewu tinaunyamula pamodzi ndi zitenje zathu mpaka ku Cape Town, osafunsa ngati Januwale wa kuno ndi m'bale wake wa Januwale wa kwathu. Si m'bale wake ayi. Kuno Januwale mvula kulibe. Dzuwa limatuluka anthu asanamalize tulo, ndipo limakhala pamenepo mpaka eyiti madzulo ngati mlendo amene wamva fungo la ndiwo. Ku Masiphumelele kumene timakhala, nyumba zathu n'zamalata pamwamba ndi m'mbali momwe, ndiye masana ukalowa m'nyumba umadziwa mmene chigumu chimamvera.

Ndisanawanene alamu anga, ndiyambe ndawathokoza, chifukwa Mulungu amadana ndi munthu wosayamika. Iwowa ndi amuna a mng'ono wanga. Bambo a mwana wanga atamwalira, ndi alamuwa amene anati ndibwere kuno, nandipatsa malo m'yadi mwawo, nandikhomera okha kachipinda kanga. Ntchito ya m'nyumba imene ndimagwira ku Fish Hoek anandipezera ndi iwo. Ndi munthu wabwino. Vuto lawo n'limodzi: chilichonse chimene anthu ena akuchita, iwo amafuna achichite moposa, ndipo anthu aone.

Amagwira ntchito ya m'galadeni panyumba ina yaikulu kuseri kwa phiri, cha ku Tokai. Atasunga kwa zaka zingapo anagula galimoto yakale ya mipando isanu ndi iwiri, ndipo kuyambira tsiku limenelo mayendedwe awo anasintha. Makiyi ankawapachika palamba kuti azilira akamadutsa pakati pa mipando kutchalitchi.

Chaka chimene ndikunenachi abusa athu analengeza kusala monga mwa nthawi zonse. Ananena momveka bwino kuti ndi sikisi m'mawa mpaka sikisi madzulo, ndipo odwala, oyembekezera ndi ogwira ntchito padzuwa azimwa madzi. Ine ndinasankha zomwezo, kusiya chakudya koma madzi kumamwa. Koma chaka chomwecho kunali kusankha akulu a mpingo, ndipo alamu anga ankaufuna udindowo ngakhale ankati sakuufuna. Tikutuluka m'tchalitchi anaima pakhomo n'kunena mokweza kuti iwo madzi sakhudza, ndipo sikisi ya abusa sakuidziwa.

"Sikisi ya kwathu ndi kulowa kwa dzuwa," anatero. "Mulungu savala wotchi. Amayang'ana dzuwa limene analenga yekha. Munthu ukudya dzuwa lili pamutu, ukunamiza ndani?"

Ndivomere tchimo langa pano. Ndinaomba m'manja. Ndinatembenukira amayi anzanga n'kuwauza kuti onani amuna enieni, osati enawa amene amasala ali ndi bisiketi m'thumba la jekete. Alamu anandimva, ndipo ndikhulupirira kuti mawu angawo ndi amene anakhomera msomali womaliza.

Chimene ndinaiwala tsiku limenelo n'chakuti mwana wanga wamkazi, mmodzi yekhayo amene ndili naye, anali atapeza malo a sekondale kuseri kwa phiri komweko, chifukwa masukulu a pafupi anali atadzaza. Sukulu inatsegulidwa kusala kuli mkati. M'mawa uliwonse ankakwera galimoto ya ankolo ake, madzulo cha m'ma folo n'kubwerera nawo. Ndipo njira yake ndi msewu wa paphiri uja wotchedwa Ou Kaapse Weg, wokhotakhota ngati njoka yopondedwa, mbali ina mwala, mbali ina phompho loti munthu ukagwa umakhala ndi nthawi yolapa machimo onse usanafike pansi.

Kutentha kwa kuno kumasokoneza anthu pamsewu ngakhale amene adya n'kukhuta. Ndaona ndi maso anga. Madamu amene ndimawagwirira ntchito ndi munthu wofatsa, amalankhula ndi maluwa awo, akapeza kangaude m'bafa amam'tulutsa panja ndi kapu. Koma tsiku lotentha akanditenga pagalimoto kupita kumashopu, mawu amene amatuluka m'kamwa mwawo pamaloboti ine ndimayang'ana pawindo ngati Chizungu sindimva. Kukatentha tauni yonse imathamangira kunyanja, msewu wa ku Kommetjie umadzaza, magalimoto amangokwawa. Anyamata a matabwa osewerera pamafunde amayendetsa opanda nsapato, opanda malaya, dzanja limodzi panja. Madalaivala a matekisi, amene ngakhale kukuzizira sadziwa kudikira, kukatentha amatsegula msewu wawowawo m'mbali mwa msewu wa boma. Aliyense amaliza hutala ngati hutalayo ibweretsa mthunzi. Amenewatu ndi anthu amene ali ndi botolo la madzi pambali. Ndiye muganize munthu amene wakumba, wadula udzu, wanyamula manyowa padzuwa kuyambira m'mawa, osalawa ngakhale dontho, kenako n'kukhala pachiwongolero ndi mwana wanga kumbuyo.

Woyamba kundiuza anali mwanayo. Sananene modandaula, anangonena akuvula nsapato.

"Amama, ankolo lero adutsa pamaloboti atafiira."

"Mwina sunaone bwino."

"Ndinaona. Atadutsa anaima pamene panali pobiriwira. Anthu kumbuyo anatitukwana."

Tsiku lina anabwera ndi nkhani yoti ankolo anatsika m'galimoto kukakangana ndi dalaivala wa tekisi, munthu wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, ndipo anam'dzudzula m'Chichewa, winayo akuyankha m'Chikhosa, mpaka onse anatopa. Alamu anga, amene pakhomo sakalipira ngakhale galu wa eni. Tsiku linanso ndinaona galasi la kumanzere litamangidwa ndi waya. Nditafunsa mng'ono wanga anangoti mpanda wa abwana unasuntha.

"Nanga iwe sungawauze amuna ako kuti azimwa madzi?" ndinam'funsa.

"Achemwali, ndinayesa. Akuti ndine chida cha mdyerekezi. Ndiye ine ndakhala chida zaka khumi ndi zisanu ndikuwaphikira, sindinadziwe. Kawauzeni inu amene munawaombera m'manja."

Ndinapita. Inali hafu seveni madzulo, kunja kukuwala ngati masana. Ndinawapeza atakhala pakreti pakhomo, jagi ya madzi ili patsogolo pawo, maso ali kuphiri la ku Kommetjie kumene dzuwa linali litakakamira. Milomo yawo inali itang'ambika ngati dambo la mu Okutobala.

"Alamu, dzuwali mukulilondera ngati wakuba?"

"Likuchedwa dala," anayankha. Mawu ankatuluka mokhwekhwereza.

"Abusa anati ogwira ntchito padzuwa azimwa."

"Abusa ananena za ofooka."

"Nanga mwana wanga mukumunyamulayu?"

"Mwana wanu sanakhalepo m'manja otetezeka ngati masiku ano. Galimoto imene ija panopa sindikuyendetsa ine."

"Ndiye amene akuyendetsayo muwauze kuti zofiira timaima."

Sanaseke. Anangoti ine mayi wa mapemphero sindiyenera kukhala woyamba kugwetsa munthu amene walonjeza kwa Mulungu. Apa anandigwira pakhosi, chifukwa inenso ndinkakhulupirira zomwezo. Lonjezo ndi lonjezo. Ndinabwerera m'chipinda changa n'kugwada. Ndinapempha kuti Ambuye atumize mitambo. Ndinapempha kuti galimoto iwonongeke pang'ono, osati kwambiri, ingokana kulira mpaka kusala kuthe. Kum'chotsa mwana m'galimotomo ndinkaganiza, koma njira ina inali tekisi, sitima, kenako tekisi ina, mwana wa zaka khumi ndi zitatu yekha, m'malo amene ngakhale ine ndimagwira chikwama ndi manja awiri. Ndinasankha kupemphera n'kudikira. Mitambo sinabwere, ndipo galimoto ija, imene miyezi ina yonse imafuna kukankha, inkalira kamodzi n'kamodzi.

Tsiku la khumi ndi chiwiri la kusala linali Lachinayi. Kusukulu anaitana makolo a ana atsopano, ndiye ndinapempha madamu kuti ndiweruke masana. Tsiku limenelo ngakhale mphepo ija imagwetsa zovala pachingwe inali itapita kutchuthi. Mpweya unali wotentha ngati wochokera m'mbaula, phula pamsewu likunyezimira ngati pathiridwa madzi. Msonkhano utatha, ine ndi mwana tinaima pageti kudikira alamu.

Anafika atavala jekete. Masiku onse a kusala ankati akaweruka amasamba kumaso, n'kuvala jekete yakuda ndi tayi, chifukwa ankapitirira kumapemphero a madzulo ndipo sankafuna kukaonekera pamaso pa Mulungu ndi ovolosi. M'galimotomo munali kale mayi wina wa ku Mzimba amene amagwira ntchito m'nyumba za komweko ndipo amakwera nawo tsiku lililonse. Iye anali atakhala kumbuyo kwenikweni, atamanga lamba, manja atagwira mpando wa kutsogolo kwake galimoto isananyamuke n'komwe. Nditam'patsa moni anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwabwera kuti mudzaone nokha. Mwachita bwino."

Tisananyamuke alamu anatsika, natsegula boneti, natulutsa chigubu cha madzi. Anadikira kuti injini ipume, kenako n'kuyamba kuithira madzi pang'onopang'ono, mwachikondi, ngati mayi akumwetsa mwana wodwala.

"Galimotoyi siyikusala nawo?" ndinafunsa.

"Injini ikauma imaphulika," anatero. "Zimenezi inu amayi simungazidziwe."

Ndinakhala pampando wa kumbuyo kwawo, mwana pambali panga. Windo la mbali yawo linafa kalekale, silitsika. Ndipo titangoyamba kukwera phiri anachita chinthu chimene ndinali ndisanachionepo: anatsegula hita, ija timayatsa mu Julayi, mpaka kumapeto. Akuti makaniko anawauza kuti ukatero moto wa mu injini umatulukira mkati, injini n'kupepukidwa. Ndiye moto wonse umene galimoto inaukana unabwera kwa ife. Mwana anandinong'oneza kuti amatero tsiku lililonse. Ndinayang'ana khosi la alamu. Ife tonse thukuta linali kamukamu, koma khosi lawo linali louma gwa, ngati chikopa cha ng'oma.

Patsogolo pathu panali lole yonyamula njerwa, ikukwera mwa ulesi wake. Alamu anayamba kuiimbira hutala. Anaiuza kuti ichoke m'dzina la Ambuye. Itakana, anaiuza mawu ena amene si a m'tchalitchi, mpaka ndinatseka mwana makutu. Kenako pakhona, pamene mzere wa pakati ukuletsa, anatulukira kumanja kuti aipitirire. Kutsogolo kunatulukira bakki yoyera, galimoto ija yotsegula kumbuyo, ikuthwanimitsa magetsi. Anabwerera kumanzere mwamphamvu moti mutu wanga unagunda windo. Mzungu wa m'bakkiyo anatulutsa dzanja n'kutionetsa chala chimodzi. Alamu anati am'khululukira chifukwa sadziwa chimene akuchita.

"Alamu, imani kaye."

"Tikaima pokwera sidzukanso."

Titafika pamwamba, lole inakhotera kwina, msewu unatseguka, nyanja ya ku Noordhoek n'kuonekera kutali uko. Ndinapuma. Ndinaganiza kuti zoopsa zatha, chifukwa alamu anasiya kukalipa. Anangoti zii. Ndinayamba kuthokoza Mulungu chamumtima. Sindinadziwe kuti dalaivala wokalipa ndi wabwino, chifukwa umadziwa kuti ali maso.

Galimoto inayamba kutsetsereka, liwiro likukwera. Msewu unakhotera kumanja, ife sitinakhote. Ndinamva matayala akusiya phula n'kuyamba kuponda timiyala, kenako chitsulo cha m'mbali mwa msewu chikukwecha chitseko cha mbali ya mwana wanga. Mutu wa alamu unali utagwera pachifuwa. Mwana anakuwa kuti, "Ankolo!" Mayi wa ku Mzimba anaitana amake m'Chitumbuka. Ine sindinapemphere, ndinene zoona. Ndinagwira khutu la alamu n'kulipotokola ngati ndikutsegula mpopi wadzimbiri. Anadzidzimuka, naponda mabuleki, galimoto inavina uku ndi uku, n'kukaima pamalo ena otambalala pamene alendo amaima kujambula zithunzi.

Tinatsika tonse. Ndinam'gwira mwana kumaso, m'manja, m'mapewa, ndinapeza ali bwinobwino. Chitseko cha mbali yake chinali ndi mzere woyera kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kuseri kwa chitsulo chija kunalibe kanthu, mpweya wokhawokha ndi nsonga za zitsamba pansi.

Alamu anatsika pomaliza, akugwira khutu, nakhala pamwala.

"Ndinatengedwa mu mzimu," anatero.

"Munagona."

"Ndinaona kuwala."

"Ndi dzuwa limenelo, alamu, tonse tikuliona."

Ndinatulutsa botolo langa m'chikwama. Madzi ake anali ofunda ngati osambira, koma anali madzi. Ndinawapatsa. Analiyang'ana botolo lija mmene mwamuna amayang'anira mkazi wa mwini, kenako anatembenuza nkhope.

"Atsala masiku asanu ndi anayi. Mukufuna khumi ndi awiri onsewa apite pachabe? Mdyerekezi walephera kutigwetsa kuphompho, tsopano wabwera ndi botolo."

"Ndiye mdyerekezi ndine?"

"Sindinatchule dzina."

"Chabwino. Mwana wanga sakweranso galimoto iyi musanamwe."

"Ndiye muyenda pansi."

Ndinayang'ana msewu. Kuchokera pamenepo kukafika kwathu ndi ulendo woti munthu umayamba watsanzika. Matekisi amene ankadutsa anali odzaza, ndipo palibe amene amaima pamalo ngati amenewo. Komanso nkhani sinali ya tsiku limenelo lokha. Kunali mawa, ndi mkuja, masiku asanu ndi anayi a phiri lomweli. Mayi wa ku Mzimba anati iye ali ndi ana atatu kumudzi ndipo ngati pakufunika kuwagwira bambowa manja kuti tiwamwetse mokakamiza, iye ndi wokonzeka. Koma alamu anga ndimawadziwa. Ukawakakamiza lero, mawa awonjezera sabata ina kuti abweze.

Ndinakhala pansi pafupi nawo, pamiyala yotentha, n'kufunsa modekha.

"Alamu, lonjezo lanu munati chiyani kwenikweni? Munawauza chiyani Ambuye?"

"Ndinati pakhomo panga papezeke munthu woima pamaso pawo masiku makumi awiri ndi limodzi, wosadya, wosamwa, mpaka dzuwa kulowa."

"Pakhomo panu."

"Eya."

"Ine ndimakhala pakhomo pa ndani?"

Anandiyang'ana. Maso awo anali ofiira, koma ndinaona kuti mkatimo mwayaka kanyali.

"Madziwo ndisala ine," ndinatero. "Kuyambira mawa mpaka tsiku lomaliza. Inu chakudya musadye monga mwa kale, koma muzimwa. Ine ndimagwira ntchito m'nyumba, pamatailosi ozizira, ndipo sindiyendetsa kanthu kupatula tsache. Ndikagona ndili chiimire, agwa ndi mopu basi. Pakhomo panu wosamwa apezeka, lonjezo silinasweke."

Ndinkayembekezera kuti akana, kuti anena kuti mwamuna sasenzetsa mkazi wamasiye katundu wake. Ndinali nditakonza kale mawu ena owanyengerera. Sanafunike. Anaganiza kanthawi kochepa koti munthu sungamalize kumanga mpango.

"Mpaka dzuwa kulowa," anatero. "Osati sikisi."

"Mpaka dzuwa kulowa."

"Nanga lero? Lero lisakhale ndi dzenje."

"Lero ndamwa kale m'mawa."

"Ndiye muyambire pano. Ambuye aona mtima."

Anatambasula dzanja. Botolo lija analimaliza osapuma, kholingo likukwera n'kutsika. Kenako anapita kuboneti, natenga chigubu cha injini chija, namwanso theka, otsalawo anadzithira kumutu, jekete ili m'thupi. Ine pamenepo kukhosi kunali kutauma kale ndi mantha, ndipo ndinangoonerera madzi akutsikira m'tayi n'kudontha pafumbi.

Tinakhala pamenepo mpaka thukuta linayamba kutuluka pamphumi pawo. Mayi wa ku Mzimba ndiye analamula zotsalazo: jekete ivulidwe, hita izimitsidwe popeza tikutsika, ndipo aziyimba nyimbo njira yonse kuti tizidziwa kuti ali moyo. Anayimba. Alamu anga mawu oyimbira alibe, koma sindinamvepo nyimbo yokoma ngati imeneyo. Tinatsika phiri pang'onopang'ono, magalimoto atandandana kumbuyo kwathu akuliza mahutala, ndipo iwo sanayankhe ngakhale imodzi.

Tisanalowe m'yadi anatembenuka n'kutiuza kuti nkhaniyi ndi ya m'banja, siyofunika kuti mpingo uidziwe, chifukwa ena chikhulupiriro chawo n'chaching'ono, angakhumudwe.

Masiku asanu ndi anayi amenewo sindidzawaiwala. Sindinkadziwa kuti ntchito yanga yonse ndi madzi. Kutsuka mbale, madzi akuyenderera m'manja. Kuchapa, kukolopa, kuthirira maluwa a pakhonde. Kuseri kwa nyumba kuli dziwe losambiramo, lobiriwira, ndipo galu wa madamu ankamwa pamenepo akundiyang'ana. Kusita ndiye kunali koopsa, nthunzi ikukwera kumaso, lilime litakakamira kumwamba ngati sitampa. Madamu anaona kuti sindikumwa tiyi wanga wa teni koloko, ndipo nditawafotokozera kuti ndikusalira alamu anga madzi kuti iwo aziyendetsa bwino galimoto, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kundifunsa ngati alamuwo akudwala. Ndinati ayi, ali bwino kwambiri, kuposa kale.

Analidi bwino. Nkhope inabwerera, nthabwala zinabwerera. Mwana ankabwera n'kundiuza kuti ankolo lero aima pamaloboti onse, apatsa mpata tekisi, ndipo dalaivala wake anadabwa mpaka anaiwala kudutsa. Madzulo ndikaweruka ndinkakhala pakreti paja ndi jagi yanga, maso kuphiri la ku Kommetjie. Alamu ankatulukira atanyamula botolo lawo la malita awiri, lozizira, la mufiriji ya abwana awo, n'kuima patsogolo panga.

"Alamu, lero simunalaweko? Ngakhale potsuka mkamwa?" ankandifunsa.

"Sindinalawe."

"Limbikirani. Masiku oyamba ndi amene amavuta. Ine ndikudziwa."

Tsiku lina ikukwana seveni, mtambo unaphimba dzuwa, ndipo ndinagwira jagi. Anandiletsa. Akuti mtambo si phiri.

Mng'ono wanga ankalira ndi ukali. Ankati andibweretsera madzi mobisa, amuna akewo sadziwa. Ndinakana. Sindinkasalira alamu ayi. Ndinali nditawauza Ambuye kuti mwana wanga azitsika phiri lija wamoyo, ndipo mawu anga ndinafuna akhale oona. Madzulo aliwonse ndikamva galimoto ija ikulowa, n'kuona mwana akutsika ndi chikwama chake, akudandaula za masamu, ludzu linkachepa pang'ono. Pang'ono pokha, ndisaname.

Lamulungu lotsekera kusala, abusa anaitana amene ali ndi umboni. Alamu anadzuka woyamba, makiyi akulira. Anafotokoza mmene mdani anafunira kuponya galimoto yawo kuphompho tsiku la khumi ndi chiwiri, ndi mmene dzanja losaoneka linawagwirira khutu n'kuwadzutsa. Mpingo unafuula aleluya. Ine ndinayang'ana dzanja langa. Anapitiriza kunena kuti pakhomo pawo lonjezo la madzi lasungidwa masiku onse makumi awiri ndi limodzi, mpaka kulowa kwa dzuwa, osaphonya. Bodza sananene, ndiwayamikire pamenepo. Mayi wa ku Mzimba, amene anakhala kumbuyo kwanga, ananditsina pamsana mpaka ndinatsala pang'ono kuyankha ameni pamalo olakwika. Mwezi wotsatira alamu anasankhidwa kukhala mkulu wa mpingo, ndipo ine ndinaphika nawo mpunga wa chikondwererocho.

Sindinawaululepo kutchalitchi, ndipo pano ndikulemba popanda dzina lawo. Amene akuwadziwa awadziwa, amene sakuwadziwa ayang'ane dalaivala wawo pakhosi kukatentha, aone ngati pali thukuta.

Chakacho chikutha, Khirisimasi itangodutsa, ndinamva kugogoda pachitseko changa. Anali alamu, atavala bwino, atanyamula paketi ya shuga ndi buledi. Anakhala pansi, nafunsa za moyo, za ntchito, za kumudzi. Anayamikira mwana kuti wakhoza bwino ndipo chaka chamawa azikweranso nawo, palibe vuto. Kenako anakhosomola.

"Alamu, paja Januwale wayandikira. Ndimati timve maganizo anu. Ulendo uno tigawana bwanji?"

Ndinalandira shuga uja ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ndinawauza kuti masiku a sukulu madzi ndisala ine, palibe chovuta. Koma Loweruka ndi Lamulungu, pamene mwana ali pakhomo, amenewo ndi awo, mpaka dzuwa kulowa, ndipo makiyi a galimoto azikhala m'thumba mwa mng'ono wanga. Anati nanga kutchalitchi apita bwanji, mkulu wa mpingo wathunthu. Ndinati ayenda pansi ngati ife, si patali. Anaganiza nthawi yaitali kuposa ija ya paphiri, kenako anafunsa ngati Loweruka lokha tingabwerere ku sikisi ya abusa.